Nditchulireni mabuku oti ndiwerenge, koma osati aja a "mmene ungalemerere"

Kadzidzi: Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga zanu mwakachetechete, lero ndabwera ndi pempho. Ndikufuna ndiyambirenso kuwerenga mabuku. Chimalizireni sukulu maso anga amangokhala pafoni, moti ndime ikangotalika pang'ono ndimayamba kuyasamula. Nditchulireni mabuku amene inuyo munawerenga mpaka kumapeto popanda wokukakamizani. Kaya nkhani zopeka, kaya mbiri, kaya zaupandu, kaya zachikondi, bweretsani. Koma chonde, aja a m'mbali mwa msewu onena za mmene munthu ungalemerere, ayi. Ndipo ngati alipo okoma a Chichewa ndikufunanso ndigulire bambo anga. Anapuma ntchito, tsiku lonse amangokhalira wailesi.

Tsabola: Ndiye mwatitseka pakamwa ife a Rich Dad Poor Dad tisanayambe n'komwe 😂

Kadzidzi: Achimwene, chiwerengereni bukulo nyumba za lendi muli nazo zingati?

Tsabola: Limenelo ndikuyankhani kumbali.

Mphunzitsi Wopuma: Za bambo anuzo ndiyankhe ndine, poti mwina ndife a thanga limodzi. Yambani ndi Nthondo la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma. Linatuluka mu 1933 litapambana mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Ndi moyo wa munthu mmodzi kuchokera kubadwa mpaka kumanda: mwana wosamva, wakuba, woyendayenda, amene pambuyo pake anadzalowa ufumu. Chimene chimandikoka ine si nkhaniyo yokha, koma mudzi umene Ntara akuuonetsa: milandu ya pabwalo, maliro, maukwati, kalankhulidwe ka akuluakulu. Bambo anuwo azikangogwedeza mutu kuti eya, zinalidi choncho.

Mukatero apezereni Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, la abale awiri aja, wina wakhama wina wa mtima wa kaduka, ndi kambalame kokana kukhala chete. Gwengwe yemweyo analembanso Kukula ndi Mwambo. Ngati amakonda nkhani zothamanga, za m'tauni, pali Jolly Max Ntaba, Mtima Sukhuta ndi Mwana wa Mnzako, ndiponso Willie Zingani, Njala Bwana ndi Madzi Akatayika. Ndakatulo ndiye E.J. Chadza, Ntchito za Pakamwa. Wa msinkhu wathu amene sanalakatulepo Likongolerenji Bokosi ndiye kuti sukulu ankangodutsa kuseri.

Mphukira: Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, Nthondo ife anatidetsa nalo kukhosi ku sekondale. Kuloweza kuti uje ndi mwana wa yani, anaba chiyani, anathawira kuti, zonsezo chifukwa cha mayeso. Ndikaona chikuto chake mutu umayamba kuwawa.

Tsabola: Komanso tinene zoona, kumapeto kwake ndi ulaliki. Munthu wavuta buku lonse, kenako watembenuka mtima, basi zonse zayera. Zikuchita kuonekeratu kuti linasindikizidwa ndi a mishoni.

Mphunzitsi Wopuma: A Tsabola, simukunama. Nthawi imeneyo makina osindikizira anali m'manja mwa mishoni, ku Nkhoma, ku Blantyre, ndiye wolemba ankadziwa khomo limene buku lake litulukire. Koma taonani kumene Ntara waika mphamvu zake. Masamba amene ali ndi moyo ndi aja Nthondo ali wosokoneza. Kutembenukako kwangobwera mothamanga kumapeto. Ine ndimati mtima wa wolembayo unali kumudzi kuja, ndipo Mbiri ya Achewa imene analemba pambuyo pake ikundichitira umboni. Inu a Mphukira, liwerengeninso pano popanda mayeso kutsogolo. Ndi buku lina.

Wa ku Joni: Ine langa ndi limodzi, I Will Try la Legson Kayira, 1965. Mnyamata wa ku Chitipa, wophunzira ku Livingstonia, ananyamuka wapansi mu 1958 akuti akupita ku America kukaphunzira. Wapansi! M'manja kankhwangwa, bulangete, Baibulo ndi Pilgrim's Progress. Anadutsa Tanganyika, nafika ku Kampala, kumene anapeza dzina la Skagit Valley College m'buku la mndandanda wa masukulu mu laibulale, n'kulemba kalata. Anakafika mpaka ku Khartoum, ndipo mu 1960 anakwera ndege. Pambuyo pake anakaphunzira ndi ku Cambridge komwe. Ife timadandaula basi ikachedwa pa Nyamapanda kapena pa Beitbridge, koma tili pampando. Amene muli kunja kuno liwerengeni, muona kuti mtima wongonyamuka osadziwa kogona sunayambe ndi ife.

Lopepukirapo ndi Born a Crime la Trevor Noah. Mudzaseka, koma nkhani yeniyeni ndi ya mayi ake. Amene mumakhala kuno mudzawazindikira ma minibasi ndi misewu imene akunena.

Mphukira: Kuwonjezera pa a ku Joni, The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer. Ambiri munangoonera filimu ya 2019 ija. Bukulo ndi la 2009 ndipo lili ndi zambiri zimene filimu inadumpha. Za makina amphepo a ku Wimbe aliyense amazidziwa, koma mitu yonena za njala ya 2001 mpaka 2002 ku Kasungu ndi imene inandikhalitsa pansi. Kudya kamodzi patsiku, gaga kusanduka chakudya cha anthu, mizere yofuna chimanga. Ine nthawiyo ndinali khanda, ndiye bukuli ndi limene linandichititsa kufunsa amayi kuti kwathu tinapulumuka bwanji.

Nachisale: Mwatchula amuna okhaokha, ngati kuti amayi sagwira cholembera. Achemwali a Kadzidzi, lembani awa.

Fearless Fighter la Vera Chirwa, 2007. Loya woyamba wamkazi m'Malawi. Iye ndi amuna ake Orton anagwidwa cha kumalire a Zambia kumapeto kwa 1981, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983, Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, mayiyo anatuluka mu Januwale 1993. Amalemba mosakometsera, ndipo n'chifukwa chake limapweteka.

Lomathinda: Rose Chibambo Speaks, lolembedwa ndi Timwa Lipenga. Mayi amene ali pa K200 uja. Timamupinda m'chikwama tsiku ndi tsiku koma ndi angati akudziwa kuti anamangidwa mu 1959 ali ndi khanda, kapena kuti anathawa m'dziko muno itabuka mikangano ya nduna ya 1964?

Tsono la kuseka ndi kulira pamodzi, Niketche la Paulina Chiziane wa ku Mozambique. M'Chingerezi amalitcha The First Wife. Mayi wa ku Maputo watulukira kuti bambo ali ndi akazi ena mbali zosiyanasiyana. M'malo mongomenyana nawo, awasonkhanitsa onse n'kumuuza bamboyo kuti poti wasankha mitala, aichite mwa dongosolo lake, ndi udindo wake wonse. Muli za chinamwali cha kumpoto kwa Mozambique zimene mayi wa ku Mangochi kapena ku Mulanje sangazione zachilendo. Chiziane analandira mphoto ya Camões mu 2021.

Tsabola: Limenelo lisafike kunyumba kwathu chonde.

Nachisale: Ndikawapatsa ndekha alamu anga, musadandaule.

Gogo wa ku Leeds: Poti mayi Nachisale atsegula khomo la ndende, tiloweretu. Political Prisoner 3/75 la Sam Mpasu ndi lalifupi, mutha kulimaliza Loweruka limodzi. Munthu anamangidwa mu 1975 chifukwa cha kabuku kake kopeka, Nobody's Friend, anthu ena ataganiza kuti akunena za mtsogoleri wa dziko. Anakhala ku Mikuyu osaonekera kukhoti. Kenako And Crocodiles Are Hungry at Night la Jack Mapanje, 2011. Iyeyu anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anamutenga mu Seputembala 1987, anatuluka mu Meyi 1991, mlandu osauzidwa. Ndi lalitali, ndipo pena amachulutsa mayina a anthu amene ankamumenyera nkhondo kunja, koma mmene akaidi ankatumizirana timakalata mozemba ndi mmene ankasekera pakati pa mavuto, simungaziiwale. Ana anga obadwira kuno ndinawapatsa limeneli atandifunsa chifukwa chimene agogo awo ankatsitsa mawu akamatchula boma, ngakhale ali m'nyumba mwawo.

Pa zopeka, Smouldering Charcoal la Tiyambe Zeleza, 1992. Mchere wogwira ntchito ku bekale ndi mkazi wake Nambe, Chola mtolankhani ndi Catherine wake. Mabanja awiri, lina losauka lina lophunzira, sitiraka ikuwakumanitsa. Dzina la dziko silitchulidwa koma palibe Mmalawi amene angasochere.

Mphukira: Chola uja zimene zinamuchitikira kundende mpaka pano sindinakhululuke 😭

Kadzidzi: A Mphukira!! Ndisanaliwerenge n'komwe?

Mphukira: Sindinanene kanthu ine.

Mwale wa pa Kasungu: Koma abale, nthawi zonse tikati mabuku a Malawi ndiye ndende, ndende, ndende. Kamuzu yemweyo anamanga misewu, yunivesite, Capital Hill. Olemba anu aja anali ndi zifukwa zawo. Achinyamata akamangowerenga mbali imodzi adzaganiza kuti zaka 30 zonse anthu ankangolira.

Gogo wa ku Leeds: Bambo Mwale, amene anagona pa simenti ku Mikuyu ali ndi ufulu wonena zimene anaona. Koma mfundo yanu ndaimva. Yankho lake ndi kuwerenga ambiri, osati kusiya. John Lwanda analemba Kamuzu Banda of Malawi mu 1993, ndipo ngati mukufuna kumvetsa kumene zonse zinachokera, A History of Malawi 1859–1966 la John McCracken, 2012. Limenelo si la chipani chilichonse. Ndi lolemera, m'manja ndi m'thumba momwe.

Admin: Akuluakulu, mabuku a ndale tchulani, koma ndale zenizenizo tisaziyambe muno. Tinagwirizana kale. Pitirizani.

Tsabola: Ndiye ndikupulumutseni ndine, poti mwamuunjikira mwana wa eni maliro okhaokha. Munthu wanena kuti akuyasamula, inu mukumupatsa McCracken? Achemwali, kuti chilakolako chibwerere yambani ndi zotsekemera. James Hadley Chase aliyense amene mungamupeze pa kaunjika wa mabuku. Ife tinaphunzira Chingerezi ndi ameneyo, tikubisa m'kati mwa buku la Biology. Ma Pacesetters aja, timabuku tolowa m'thumba, momwe munalinso Amalawi monga Dede Kamkondo ndi Walije Gondwe wa Love's Dilemma. Agatha Christie, And Then There Were None: anthu khumi pa chilumba, akufa mmodzimmodzi, wakupha ali pakati pawo. Mukaligwira madzulo nsima ipserera. Ndipo ngati simufuna magazi, The No. 1 Ladies' Detective Agency la Alexander McCall Smith, la Mma Ramotswe wa ku Gaborone, wofufuza milandu ndi tiyi m'manja.

Mphunzitsi Wopuma: Ma Chase amenewo ndinalanda ambiri m'kalasi.

Tsabola: Ndipo munkakawerenga ku staff room, timadziwa.

Mphunzitsi Wopuma: Ndinkayenera kudziwa chimene chikuwononga ana.

Mbewe wa ku Chipata: Muli bwanji a ku Malawi. Kuno kwathu ndikupatsani The Old Drift la Namwali Serpell, 2019. Liyambira pa Victoria Falls nthawi ya atsamunda, lipita ndi mabanja atatu mpaka ku Lusaka wa mtsogolo. Muli Edward Mukuka Nkoloso, munthu weniweni uja amene mu 1964 anati Zambia idzapita ku mwezi, ndipo udzudzu ndiwo ukamba nkhani pakati pa mitu. Linapata Arthur C. Clarke Award mu 2020. Koma ndikucenjezeni, ndi lalikulu, ndipo pakati pake anthu ambiri amatopa. Ngati mufuna cacifupi, Patchwork la Ellen Banda-Aaku, za mwana wobadwa kunja kwa cikwati amene atate ake ndi munthu wacuma. Limenelo mudzamaliza.

Mphukira: Za mtsogolo nafenso tili nazo. Azotus the Kingdom la Shadreck Chikoti, lochitika zaka 500 kutsogoloku, anthu akukhala motsekeredwa m'nyumba osadziwa kuti kunja kuli chiyani. Palinso Imagine Africa 500, nkhani zifupizifupi za olemba a m'maiko angapo, losindikizidwa ku Lilongwe konkuno. Ndipo pa nkhani zifupi musadumphe Stanley Onjezani Kenani, For Honour and Other Stories. Anafika kawiri pa mndandanda womaliza wa Caine Prize, 2008 ndi 2012. Kwa munthu amene akuyambiranso, nkhani zifupi ndiye zabwino: imodzi pa minibasi, ina podikira magetsi.

Mlangizi wa Zaulimi: Ine zopeka sindizitha, ndimangoona ngati akundinamiza. Koma pali mabuku atatu oona amene amakoma kuposa nthano.

Magomero la Landeg White, 1987. Watenga malo amodzi okha, ku Chiradzulu, n'kuwatsata kuyambira 1859: kufika kwa amishoni a UMCA ndi Bishopu Mackenzie, esiteti ya A.L. Bruce, thangata, kubwera kwa Alhomwe, usiku wa Januwale 1915 umene anthu a Chilembwe anapha William Jervis Livingstone, mpaka m'ma 1980. Ukamaliza umamvetsa chifukwa chimene nkhani ya malo ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje siitha. Amene mukufuna za Chilembwe mwakuya, Independent African la George Shepperson ndi Thomas Price, 1958, koma limenelo ndi la odekha.

The Story of an African Famine la Megan Vaughan, la njala ya 1949 m'boma la Blantyre. Chimene chinandigwira n'chakuti mayiyu sanangodalira malipoti a azungu. Anamvera nyimbo za pamtondo, momwe amayi ankaimba za amuna amene anapita kukasaka chakudya osabwerako. Liwerengeni pamodzi ndi la Kamkwamba lija, muone zimene zinasintha pa zaka 50 ndi zimene sizinasinthe.

Lachitatu si lowerenga kuchokera koyamba mpaka kumapeto: Useful Plants of Malawi la Jessie Williamson. Zomera zathu ndi mayina ake a m'zilankhulo zathu ndi ntchito zake, ndiwo zakutchire, zipatso, mitengo ya mankhwala. Bambo anu aja, ngakhale ndi la Chingerezi, akhoza kulikonda, chifukwa azikatsutsana nalo.

Nachisale: A Mlangizi, ngati zopeka mumati n'zonama, yesani Out of Darkness, Shining Light la Petina Gappah wa ku Zimbabwe. Ndi ulendo weniweni wa anthu amene ananyamula mtembo wa David Livingstone kuchokera kwa Chitambo mu 1873 mpaka ku Bagamoyo, koma wokamba nkhani ndi Halima wophika, ndi Jacob Wainwright. Halima pakamwa pake mpakuthwa. Mudzaiwala kuti simukonda zopeka.

Mlangizi wa Zaulimi: Ndiliyesa mayi, koma akangoyamba kunama ndilisiya.

Kadzidzi: Zikomo nonse, kope latsala pang'ono kudzaza. Koma funso lalikulu ndi ili: ndiwapeza kuti? Ndinalowa m'sitolo ina ya mabuku m'tauni muno kufunsa a Chichewa, anandionetsa a silabasi basi. Ntaba ndi Zingani mnyamata wogulitsayo sanawamvepo n'komwe.

Mphunzitsi Wopuma: Apo ndiye mwakhudza pachilonda. Buku la Chichewa likachoka pa silabasi limasowa, chifukwa osindikiza amadalira masukulu. Kale Popular Publications ku Limbe ndi Dzuka ankatulutsa nkhani zoti munthu awerenge pongofuna kusangalala, lero zambiri mwa izo muzipeza kwa anthu, m'makatoni, njenjete zikudya. Ndiye n'zomvetsa chisoni kuti buku la ku Nigeria kapena ku America mulipeza msanga kuposa la munthu wa ku Ntcheu. Yesani National Library, ku City Centre ku Lilongwe kapena nthambi zake m'mizinda ina. Yesani masitolo a CLAIM. Mabuku a mbiri, chipembedzo ndi chikhalidwe, a Kachere ku Zomba ndi a Mzuni Press ku Mzuzu atulutsa ambiri, kuphatikizapo la miyambi 2000 ya Chinyanja la J.C. Chakanza, Wisdom of the People. Ndipo musanyoze anyamata oyala mabuku pansi. Muuzeni dzina, mupatseni sabata, ena amakupezerani.

Gogo wa ku Leeds: Amene muli ku Blantyre, ku Mandala House kuli laibulale ya Society of Malawi. Mabuku akale a mbiri ya dziko lino ali kumeneko. Kuno zodabwitsa n'zakuti Mapanje ndi McCracken ndimawapeza mosavuta pa intaneti kuposa mmene mungawapezere kumudziko.

Tsabola: Kapena tingoponya ma PDF muno basi, nkhani ithe. Ndili nawo angapo.

Mphukira: Ine ndivomereze, buku limodzi lochokera kunja mtengo wake ndi ndiwo za sabata. Wophunzira atani?

Nachisale: Za mtengo ndikumva. Koma taganizani: tangodandaula kumene kuti osindikiza sabwereza mabuku athu chifukwa sagulidwa. Ndiye Chikoti kapena Kenani, anthu amoyo, oti mutha kukumana nawo, tiziwagawana ulere? Mawa tidzadandaulanso kuti Amalawi salemba.

Tsabola: Nanga amene anasiya kusindikizidwa kalekale, oti ngakhale uli ndi ndalama sungawagule? Pamenepo ndikumubera ndani?

Nachisale: Limenelo ndi funso loona, ndipo oyenera kuliyankha ndi osindikiza ndi mabanja a olembawo. Atawaika pa foni pa mtengo wa ma yuniti, kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ine ndingagule lero lomwe.

Admin: Ma PDF a mabuku a eni muno ayi, lamulo limenelo lilipo kale. Koma kubwerekana ndi kololedwa. Amene muli ndi mabuku amene atchulidwawa ndipo mukulolera kubwereketsa, lembani dzina la buku ndi dera limene muli, manambala muzipatsana kumbali.

Mphunzitsi Wopuma: Nthondo, Kukula ndi Mwambo ndi Nzeru za Kale la Kumakanga ndili nawo, Dedza. Koma wobwereka asiye chikole. Mabuku anga ambiri anapita ndi mawu akuti "ndibweza Lolemba."

Mlangizi wa Zaulimi: Magomero, Zomba. Chikuto chinathothoka koma masamba onse alipo.

Nachisale: Fearless Fighter ndi The First Wife, Chilomoni. Lachiwirilo pali kale mzere wa amayi a kumpingo.

Wa ku Joni: Born a Crime nditumiza ndi basi mwezi ukatha, wina akalandire ku Wenela. I Will Try ayi, limenelo silichoka m'nyumba.

Kadzidzi: A Mlangizi, mlongo wanga amadutsa ku Zomba Lachisanu, ndikulemberani kumbali. Aphunzitsi, chikole chake n'chiyani?

Mphunzitsi Wopuma: Buku linzake. Mubweretse limene ine sindinawerenge.

Tsabola: Ndili ndi Rich Dad Poor Dad.

Mphunzitsi Wopuma: Limenelo musunge, a Tsabola. Bweretsani Chase.